Makoma oumbira pansi n'kudzutsa ndi kireni: zingatheke kuno ku Chipata?

Amai Zulu:
Mwachoma bwanji nonse. Ndili ndi funso kwa inu amisiri. Malo aja ndinagula cha ku msewu wa ku Mwami ndifuna kuikapo shedi yosungiramo soya ndi nshawa, mamita 20 m'lifupi, 40 m'litali. Mwana wanga wandionetsa kavidiyo pa foni: anthu athira konkire pansi ngati apanga silabu, ikauma kubwera kireni n'kuidzutsa, yaimirira, khoma latha. Ati dzina lake tilt-up, ndipo ati makoma a shedi yonse amaima masiku awiri chabe. N'zoona zimenezi? Alipo kuno angazichite? Ndifuna pofika Meyi, alimi akayamba kugulitsa, ndikhale ndi poika katundu. Lendi yanditopetsa.

A Tembo:
Twachoma amai. Ine ndakalambira pa sikafodi, koma khoma logona pansi kenaka n'kudzuka sindinaliumbepo. Gulani mabuloko a mainchi 8, simenti yabwino, mundipatse anyamata asanu ndi mmodzi, shedi yanu iima. Za pa foni zisiyeni pa foni.

Mbuya wa ku Kitwe:
Mwamva odya mbewa? Chinthu sanachionepo, ndiye kuti kulibe.

A Tembo:
Mbuya, anyani atha ku Kitwe kuti mubwere kudzatisokosa kuno?

Naphiri:
Atate a Tembo, njirayi ilipodi, si masewera a pa foni. Amai Zulu, ndikuuzeni mmene imayendera, kenaka tiwerengere pa shedi yanu yeniyeniyo.

Choyamba ndi maziko ndi silabu ya pansi. Silabuyo ndiye tebulo logwirirapo nchito. Pamwamba pake akhoma matabwa mozungulira, kujambula khoma lili chogona, malo a zitseko ndi mawindo asiyidwa pomwepo. Apopera mankhwala oletsa konkire yatsopano kugwirana ndi silabu, aika zitsulo, aika tizitsulo tokolapo kireni ndi mapuleti odzawotchererapo denga, ndiye athira konkire. Ikalimba kireni idzutsa chigawo chimodzichimodzi, kuchikhazika pa maziko, kuchichirikiza ndi mapaipi. Denga likamangidwa n'kugwirana ndi makoma onse, mpamene mapaipi achotsedwa.

Manje masamu. Shedi ya 20 ndi 40, kuzungulira ndi mamita 120. Tinene khoma litalike mamita 7, zigawo za mamita 4 m'lifupi, ndiye zigawo 30. Kuchindikala tiyerekeze masentimita 15, ngakhale nambala yeniyeni ituluka pa masamu a injiniya. Chigawo chimodzi chidya konkire makyubiki mita 4.2. Kyubiki mita imodzi ya konkire ilemera pafupifupi matani 2.4. Ndiye chigawo chimodzi ndi matani 10. Zonse 30 pamodzi, makyubiki mita 126. Tikaika matumba 7 a simenti pa kyubiki mita, ndi matumba pafupifupi 880, makoma okha, silabu ndi maziko osawerengera.

Amai Zulu:
Mayo ine. 880?

A Tembo:
Mwaona? Tiyeni tiwerenge zanga. Khoma lonselo ndi masikweya mita 840. Mabuloko amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita. Ndi 10,500, ndipo tichotsepo a pa zitseko. Oumba mabuloko ali mbwee kuyambira ku Kapata mpaka ku Mchini, mukaimba foni m'mawa, masana atula.

Naphiri:
Zoona atate, koma khoma la mabuloko la mamita 7 silingaime lokha. Mudzafuna mapilala a konkire, malamba a konkire pakati ndi pamwamba, sikafodi, pulasitala mbali ziwiri. Muziphatikize zimenezo, kusiyana kuchepa ndithu. Koma sindikukanizani, chifukwa pamene pali vuto la tilt-up kuno si pa simenti. Mbuya, lankhulani ndinu, ndi nchito yanu.

Mbuya wa ku Kitwe:
Zikomo mayo. Nthabwala pambali. Ine kireni ndiye nsima yanga. Anthu amamva kuti kireni ya matani 25 n'kuganiza kuti inyamula matani 25 paliponse. Iyayi. Nambala ija ndi ya katundu ali pafupi, mkono uli wamfupi. Ukatambasula mkono mphamvu igwa msangamsanga. Ndiye pa nchito ngati iyi timafuna kireni yoposa kulemera kwa chigawo kawiri kapena katatu. Matani 10 anuwo, osachepera kireni ya 30, ndipo ine mtima ungakhale pansi ndi ya 50. Chinanso, podzutsa koyamba khoma limakhala ngati layamwa silabu, limakoka kuposa kulemera kwake, kenaka lisiya mwadzidzidzi. Woyendetsa wopupuluma amaswera khoma pamenepo.

Manje kireni yotero muipeza kuti? Mukhoza kuchita mwayi ngati pali kampani yamisewu kapena yomanga ili nayo pafupi. Kupanda apo ichokera ku Lusaka, makilomita pafupifupi 570. Simulipira masiku onyamula okha ayi. Mulipira kubwera, mulipira kubwerera, mafuta, pogona anthu ake. Kunyamula zigawo 30 kungatenge masiku awiri kapena atatu zinthu zikakhala zokonzeka, koma bilu iwerenga kuyambira tsiku imene yatuluka pa geti.

A Banda a ku Katete:
Msewu umenewo ndimaudziwa, thiraki yanga imakhala momwemo. Kuchoka pa Luangwa Bridge kukwera mapiri aja kupita ku Nyimba, chinthu cholemera chimayenda ngati chikudwala. Kireni si basi, musaiwerengere tsiku limodzi. Ndipo simenti yanu 880 ija idzera msewu womwewo, kaya ndi ya Chilanga, kaya Dangote, kaya Sinoma. Thiraki ya matani 30 inyamula matumba 600. Ndiye mathiraki awiri, makoma okha.

Amai Zulu:
Walira mvula walira matope. Pitirizani, ndikumvetsera.

A Sakala ku Perth:
Moni akwathu. Kuno kwada kale koma nkhaniyi sindingaidumphe, chifukwa ndi nchito imene ndimagwira. Kuno ku Australia mashedi ambiri ndi mashopu a m'mbali mwa tauni ndi a makoma otere. Ndikuuzeni zimene kavidiyo sikaonetsa.

Mankhwala oletsa kugwirana aja timapopera kawiri, kachiwiri mopingasa koyamba. Tikatha kapitawo ayenda ndi botolo la madzi, adontheza apa, adontheza apo. Dontho likakhala lozungulira n'kumagubuduka, pali bwino. Likalowa pansi n'kusiya banga lakuda, pamenepo mankhwala achepa, tibwereza. Mvula ikagwa usiku tisanathire konkire, tiyesanso. Tsiku lonyamula aliyense amakhala chete kumvetsera. Zingwe zikungika, kireni ilira, khoma lili phee, kenaka mumva phu! fumbi lituluka m'mbali, ladzuka. Likakana, timakhoma zitsulo zosongoka ngati nkhwangwa m'mphepete pang'onopang'ono, osati kuuza wa kireni kuti koka. Ndinaonapo lina litakakamira, linadzuka ndi chibenthu cha silabu kumimba kwake. Khoma kutaya, silabu kukonza, kireni ili chiimire ikudya ndalama.

Chachiwiri, nkhope ya khoma ndi ija inagona pansi. Chilichonse chili pa silabu chidindika pa khoma: mng'alu, phazi la munthu, msomali woiwalika, ngakhale tsamba. Ndiye silabu iyenera kukhala yosalala ndi yowongoka kuposa mmene tinazolowera kwathu.

Amai Zulu:
Ndiye ngati chikondamoyo mu poto wosapaka mafuta, chituluka theka, theka litsala m'munsi. Nanga sitingapake oilo wakutha wa mu injini? Amisiri kuno amapaka ameneyo pa matabwa.

A Sakala ku Perth:
Amai musayese. Pa thabwa laling'ono oilo amathandiza, koma apa ndi konkire pa konkire, masikweya mita 28 chigawo chimodzi. Silabu imamwa oiloyo malo ena, malo ena atsala chithaphwi. Ndipo pambuyo pake penti sigwira pa khoma, pansi padzanunkha, inu mufuna kuikapo chakudya.

Naphiri:
Ndionjezepo pa tizitsulo tokolapo kireni. Apa ndiye ndimaopa kwambiri kuno kwathu, chifukwa tili ndi luso lopinda zitsulo wamba zomangira za Y12 kapena Y16 n'kunena kuti ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. Tizitsulo timeneti timapangidwa ku fakitale, tili ndi nambala ya kulemera kumene tingapirire, ndipo malo ake pa khoma amachita kuwerengera. Khoma limavutika kwambiri pa mphindi imene likudzuka, lili chopendama, kuposa zaka zonse lidzaime, chifukwa pamenepo limafuna kupindika pakati. Ndiye zitsulo za mkati ziwerengedwa kawiri: za podzuka ndi za poima. Chitsulo chopinda pamanja chikathyoka matani 10 ali m'mwamba, palibe wothawa.

Palinso china pa shedi ya amai. Silabu yanu ndi masikweya mita 800, makoma ndi 840. Mwaona? Sakwana kugona onse pansi nthawi imodzi, ndipo kireni nayo ifuna poponda. Ndiye muumba mosanjikiza, china pamwamba pa chinzake, chilichonse ndi mankhwala ake ndi masiku ake oyembekeza, kapena muthira kasilabu kena panja koumbirapo chabe. Zonse ziwiri zidya nthawi ndi ndalama. Shedi ikakhala yaikulu kwambiri vutoli limatha lokha, chifukwa pansi pamakula msanga kuposa makoma. N'chifukwa chake njirayi imakomera mashedi akuluakulu.

Jere wamng'ono:
Akuluakulu ndiponyeko kambiri kake. Njirayi si yatsopano. Anaiyamba ndi Robert Aiken ku Illinois, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Iye ankaumbira khoma pa tebulo lalikulu, n'kulipendeketsa ndi majeki mpaka liime. Makireni a matayala anali asanafale nthawi imeneyo. Inadzafala itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene makireni a matayala ndi mathiraki obweretsa konkire yosakaniza kale anachuluka. Bungwe lao la Tilt-Up Concrete Association linayamba mu 1986.

A Tembo:
Iwe mwana, wanena wekha. Inafala chifukwa kwaoko makina anachuluka ndipo anthu ogwira nchito anali odula. Kuno n'zosiyana. Anthu tili nawo, makina ndiwo odula. Pita pa Saturday Market m'mawa uone anyamata angati akufuna pisiweki. Shedi ya amai pa mabuloko idyetsa mabanja makumi awiri miyezi itatu: oumba, otunga madzi, oponya matope, amai ophwanya miyala. Pa tilt-up ndalama ikwera kireni n'kupita nayo ku Lusaka.

Jere wamng'ono:
Agogo, koma amai sakumanga kuti alembe anthu nchito, akumanga kuti asunge soya.

A Tembo:
Ndipo soyayo agula kwa yani? Si kwa makolo a anyamata omwewo?

A Banda a ku Katete:
Apa madala akugwira mfundo. Koma inenso ndinene za mabuloko. Kumene ndinkasungitsa katundu chaka china, akuba sanavutike ndi loko. Anapita kumbuyo, nachotsa mabuloko anayi ndi chitsulo, matumba a fetereza n'kumatuluka ngati pa windo. Mlonda ali kutsogolo pa mbaula. Khoma la konkire la zitsulo mkati sungaliboole mwakachetechete choncho.

Amai Zulu:
Zimenezo ndiye zanga a Banda. Akuba ndi makoswe. Mabuloko a mabowo aja makoswe amasandutsa nyumba.

Naphiri:
Pa akuba, makoswe ndi moto, konkire ipambana, sindikana. Koma pakati pa chigawo ndi chigawo pamatsala mpata wa masentimita ngati awiri, umene amatseka ndi mankhwala ofewa onga labala. Amenewo amakalamba ndi dzuwa, ayenera kuonedwa ndi kusinthidwa, apo ayi madzi ndi anankafumbwe apeza njira. Ndifunsenso amai: katundu muziika m'matumba kapena mongokhuthula?

Amai Zulu:
M'matumba a 50, kusanja pa mapaleti monga achitira ku mashedi a FRA.

Naphiri:
Ndiye bwino, chifukwa matumba amasanjidwa motalikirana ndi khoma, kusiya njira yoyendamo ndi yophimbira tenti pothira mankhwala. Khoma silisenza kanthu. Mukanati mongokhuthula, mbewu imakankha khoma cham'mbali ndi mphamvu yaikulu, masamu ake ndi ena.

A Sakala ku Perth:
Ndibwerere pa mapaipi ochirikiza, chifukwa anthu amafera pamenepo. Chigawo chilichonse chifuna osachepera awiri. Kumwamba amangidwa cha pa magawo awiri mwa atatu a kutalika kwa khoma, kumunsi aboltedwa pa silabu kapena pa chibuluma cha konkire chokwiriridwa panja. Kireni simasula zingwe mpaka mapaipi atamangidwa. Ndipo palibe amaloledwa kumasula ngakhale bauti imodzi mpaka injiniya atasaina kuti denga lagwira. Kuno amayendera mabauti amenewo kawirikawiri, makamaka kukachita mphepo. Manje ganizani kwathu: zigawo 30, mapaipi 60, aima milungu ingapo kuyembekeza mathirasi a denga. Mphepo ya Ogasiti ija, akamvulumvulu a mu Seputembala ndi Okutobala. Ndiponso usiku wina munthu aona paipi yabwino yachitsulo, aganiza za sikirapu.

A Tembo:
Hehe, apo ndiye mwanena zoona a Sakala. Kuno ngakhale waya womangira zitsulo timagona naye kumutu.

Mbuya wa ku Kitwe:
Ndipo mphepo ikakula ine sindinyamula, kaya bwana alire. Khoma la mamita 4 ndi 7 lili m'mwamba limagwira mphepo yonse. Tsiku limenelo mulipirabe.

Jere wamng'ono:
Nanga chivomezi? Tili pafupi ndi chigwa cha Luangwa, ndipo kwa anansi athu ku Malawi chinagwedeza ku Salima mu 1989, ku Karonga mu 2009.

Naphiri:
Funso labwino mng'ono wanga. Pa chivomezi cha ku San Fernando, California, mu 1971, nyumba zina za tilt-up zinaonongeka osati chifukwa konkire inasweka, koma polumikiza denga ndi khoma panali pofooka. Khoma linatayana ndi denga, denga n'kugwera mkati. Malamulo ao omangira anasinthidwa pambuyo pake kuti polumikizapo pazilimba. Ndiye nyumba yotere moyo wake uli pa mapuleti aja ndi pa owotcherera. Wowotcherera mageti pa msika, ngakhale ali ndi dzanja labwino, si amene mumpatse nchito imeneyi popanda woyang'anira.

Ndipo konkire yake si ya fosholo ndi wilibala. Chigawo chimodzi chithiridwe kamodzi osaimitsa, ndi vaibureta yogwedeza konkire, simenti ya giredi 42.5, miyala ya ku kwale yosefa bwino, mchenga wopanda dothi. Tsiku lothira mutenge makyubu oyesera, tizibuluma ta konkire yomweyo, ena agone pambali pa khomalo kuti aume mofanana nalo. Kunyamula si kuwerenga masiku pa kalenda, ndi kuphwanya kyubu ku labu n'kuona ngati yafika pa mphamvu imene injiniya analemba, nthawi zambiri pakati pa 17 ndi 25 MPa, muyeso wa kulimba kwa konkire. Zikayenda bwino ndi sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Kutentha kwa Okutobala muthire m'mamawa n'kuphimba ndi masaka onyowa. Mukadikira Disembala, mvula idzasambitsa mankhwala aja ndipo kireni idzatitimira pa geti.

Amai Zulu:
Ndiye mwanawe, ukanakhala iwe, ndalama ili yako, ukanachita chiyani? Usandizungulire.

Naphiri:
Amai, pa 20 ndi 40 sindikanachita tilt-up yathunthu. Ndikanaimika mafulemu achitsulo, denga la malata, khoma lolimba kuyambira pansi kufika mamita awiri ndi theka kapena atatu, kumwamba kwake malata. Kireni yaikulu iyamba kubweza ndalama yake pamene shedi ili yaikulu kangapo kuposa yanu, kapena pamene anthu atatu anayi amanga nthawi imodzi n'kugawana bilu yoibweretsa.

Koma pali njira ya pakati imene ingakupatseni chimene mufuna. Khoma la m'munsilo, m'malo mwa mabuloko, tiumbe zigawo zazing'ono za konkire pa silabu pomwepo: mamita 4 ndi 2.5, kuchindikala masentimita 12. Chimodzi sichifika matani atatu. Chimenecho thiraki ya Hiab yaikulu bwino, ija yokhala ndi mkono wa kireni, ikhoza kudzutsa ikaima pafupi, n'kuchimangirira ku mapilala achitsulo amene aima kale. Mapaipi 60 aja safunikanso, chifukwa chogwirira chilipo. Wakuba apeza konkire, khoswe apeza konkire. Tizitsulo tokolapo ndi mankhwala aja muitanitsabe zenizeni, pamenepo sindisintha.

Mbuya wa ku Kitwe:
Iyo ndiye nzeru. Koma muone tchati cha Hiab yo musanapangane mtengo. Zina zimanyamula matani atatu pamphuno pokha, mukatambasula mamita asanu yayamba kulira.

A Banda a ku Katete:
Za Hiab ndingafunse anzanga onyamula mapolo ndi makontena, zimapezeka kuno kum'mawa.

A Tembo:
Ndiye ife a mabuloko mwatichotsa nchito basi?

Naphiri:
Iyayi atate. Maziko akumba ndani? Silabu yosalala imene a Sakala anena aipanga ndani? Matabwa a zigawo 30 kuti onse atuluke sikweya, ndi diso lanu limenelo. Ofesi, chimbudzi ndi kanyumba ka sikelo ndi mabuloko. Ine ndingakonde kuti chigawo choyamba tiumbe chimodzi chokha choyesera, inu mulipo, tichidzutse, tione mmene chatulukira tisanathire zina 29.

A Tembo:
Chimodzi choyesera ndivomera. Chikakakamira pansi mudzandigulira chibuku, chikadzuka ndidzagula ndine. Koma ndinene, amai, malo a ku msewu wa ku Mwami ena ndi dambo. Dothi lakuda lija limatupa ndi mvula, chilimwe ling'ambika mpaka kulowetsa dzanja. Pamenepo kaya mabuloko kaya konkire, maziko akalakwika zonse zisweka. Malo anu ali kumtunda kapena kumunsi?

Amai Zulu:
Kutsogolo n'kofiira, kumbuyo kumada pang'ono, kumamera tsekera.

A Tembo:
Hmm. Kumbuyoko ndiye tikuone.

A Sakala ku Perth:
Musaiwale mapepala. Ine ndagona, mawa tili ndi zonyamula.

Naphiri:
Inde, pulani ipite ku khonsolo ya mzinda isanayambe nchito, zojambula za zitsulo zisainidwe ndi injiniya wolembetsedwa ku bungwe la mainjiniya la EIZ, ndipo kontirakita akhale ndi satifiketi ya bungwe loona za zomangamanga la NCC ya giredi yolingana ndi kukula kwa nchito. Mupemphe makotesheni awiri pa pulani imodzi, ina ya mabuloko m'munsi, ina ya zigawo za konkire, kuti muyerekeze zinthu zofanana. Za Meyi zitheka ngati silabu ithiridwa mvula isanayambe. Ikakupezani musanathire, konzekani kulipira lendi nyengo inanso imodzi.

Amai Zulu:
Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. A Tembo, Loweruka mungabwere ndi anyamata awiri tikumbe maenje tione dothi?

A Tembo:
Tifika 7 koloko. Mapiki tili nawo, inu mukonze madzi akumwa.

Mbuya wa ku Kitwe:
Mukafika munditumizire zithunzi za polowera, ndi mawaya a ZESCO ngati adutsa pafupi. Mkono wa Hiab ndi waya wa magetsi sizionana.

Naphiri:
Maenje atatu atate, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo kwa tsekera, kuya mamita awiri. Dothi la pamwamba muunjike palokha, la pansi palokha, ndipo musakwirire mpaka ndifike cha m'ma 11. Amai, mubweretsenso mchenga wodzaza chigubu kuchokera kumene mufuna kukagula, tikausukusule m'botolo tione dothi lake.